KUSANKHA GPS NDI MAKINA OYEZERA KUYA KWA NYANJA

Pa tchuthi chapitachi atsibweni anga, amene ali msodzi ku gombe lina la ku Salima, anandiitana tsiku lina madzulo nandipatsa timapepala titatu tolembedwa m'Chingerezi. Anati, "Iwe ndiwe wa ku sukulu. Werenga izi undiuze makina amene ndiyenera kugula, pakuti ndalama zimene ndiri nazo n'zogulira kamodzi kokha." Ine ndinachita mantha ndithu, chifukwa boti la atsibweniwo ndilo limandilipirira fizi, ndipo ndinadziwa kuti ndikawasocheretsa ndiye kuti ndadzisocheretsa ndekha.

Chimene chinawapatsa maganizo amenewa ndi ichi: m'mwezi wa Okutobala chaka chatha anatchera matchera awo kutali ndi gombe, ndipo m'mawa mwake utsi wa moto wa m'tchire unaphimba mapiri onse. Anazungulira pa nyanja kufikira petulo anatsala pang'ono kutha, koma chigubu chimene anamangirira ku matcherawo sanachione. Matchera onse anatayika, ndipo teremu yotsatira ine ndinafika kuno mochedwa ndi masabata awiri.

Akulu anati safunsa anadya phula. Chotero ndinawerenga timapepalato, ndinafunsa asodzi awiri amene ali nawo kale makina otere, ndiponso ndinabwereza zimene tinaphunzira m'kalasi za mafunde a mawu. Zimene ndinapeza ndazilemba pano, kuti anzanga a ku nyanja akafunsidwa funso lomweli asadzasowe poyambira; ndipo a kumtunda aone kuti sayansi imene timalemba m'makope iri ndi ntchito.

MMENE ASODZI AMAPEZERA MALO POPANDA MAKINA

Pansi pa Nyanja ya Malawi si posalala ai. Pali zigwa, mchenga, matope, ndiponso timapiri ta miyala tobisika m'madzi. Kaphiri kotere asodzi amakatcha chirundu, ndipo utaka umakonda kusonkhana pamenepo. Msodzi wodziwa amapeza chirundu chake poyang'ana kumtunda: amapalasa kufikira mtengo wina waukulu ulunjikane ndi nsonga ya phiri, kenaka amayang'ana mbali ina kufikira chisumbu chilunjikane ndi phiri lina. Pamene mizere iwiriyo ikumana, pomwepo ndi pa malo ake. Pofuna kudziwa kuya, amamanga mwala ku chingwe, nauponya, nawerenga mikwamba pokoka.

Nzeru imeneyi ndi yaikulu, ndipo tisainyoze. Koma imafuna maso. Usiku wopanda mwezi, m'chifunga, m'mvula, kapena m'nyengo ya utsi, mapiri saoneka. Apa ndipo makina awiri aja amathandiza. GPS imayankha funso lakuti, "Ndiri pati?" Makina oyezera kuya, amene ogulitsa amawatcha fish finder kapena echo sounder, amayankha funso lakuti, "Pansi panga pali chiyani?"

MMENE GPS IMAGWIRIRA NTCHITO

GPS inapangidwa ndi boma la United States. Setilaiti yake yoyamba inaulutsidwa mu 1978, ndipo dongosolo lonse linakwanira mu 1995. Pamafunika masetilaiti osachepera 24, amene amayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo iriyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Setilaiti iriyonse iri ndi wotchi yolondola kopambana, ndipo imaulutsa kosalekeza uthenga wonena malo ake ndi nthawi imene uthengawo wachoka.

Uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, ndiko kuti makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kachipangizo ka m'boti kamaona nthawi imene uthenga watenga pa njira, nikapeza kutalika kwa setilaitiyo. Kakamva masetilaiti anayi kapena oposerapo, kamawerengera malo amene kali. Yachinayiyo imafunika chifukwa wotchi ya kachipangizo kathu si yolondola ngati ya kumwamba, ndipo kuphonya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a sekondi kumasocheretsa munthu ndi mamita 300.

Kale boma la United States linkasokoneza dala uthengawo kwa anthu wamba, kotero kuti munthu ankaphonya ndi mamita ngakhale 100. Koma linaleka mu Meyi 2000. Tsopano GPS wamba imaphonya ndi mamita ochepa chabe. Maiko ena nawonso ali ndi masetilaiti awo: Russia iri ndi GLONASS, maiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, ndipo China iri ndi BeiDou. Chipangizo chimene chimamva magulu awiri kapena atatu chimapeza malo msanga.

Atsibweni anandifunsa ngati GPS imafuna mayunitsi. Yankho ndi lakuti ai. Imangomvetsera ngati wailesi. Siifuna netiweki ya foni, ndipo palibe cholipira mwezi ndi mwezi.

MMENE MAKINA OYEZERA KUYA AMAGWIRIRA NTCHITO

Tonse tinafuulapo pafupi ndi phiri n'kumva mawu athu akubwerera. Makina awa amachita zomwezo m'madzi. Nzeruyi inakula sitima ya Titanic itamira mu 1912, pamene anthu anayamba kufunafuna njira yodziwira zobisika m'madzi. Alexander Behm wa ku Germany analembetsa makina ake oyezera kuya mu 1913.

Makinawa ali ndi zigawo ziwiri. China ndi bokosi lokhala ndi galasi, limene limakhala m'boti. China ndi kachipangizo kamene kamakhala m'madzi, kotchedwa transducer. Kameneka ndiko pakamwa pa makina, ndiponso ndiko khutu lake. Kamatumiza kaphokoso kopita pansi, kamene khutu la munthu silingamve, ndipo kamamvetsera kubwerera kwake. M'madzi mawu amayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi.

Tiyeni tichite samu imodzi. Ngati kaphokoso kabwerera patapita masekondi 0.04, ndiye kuti kayenda mamita 1,500 kuchulukitsa ndi 0.04, amene ali mamita 60. Koma ulendowo ndi wopita ndi wobwera. Tsono tigawa pawiri, ndipo kuya kwake ndi mamita 30. Pa malo akuya koposa m'nyanja yathu, cha kumpoto, pali mamita pafupifupi 700, ndipo pamenepo mawu amatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti abwerere.

Nanga nsomba zimaoneka bwanji? Nsomba zambiri ziri ndi kathumba ka mpweya m'mimba, kamene timakaona tikamatumbula chambo. Mpweya umabweza mawu kwambiri kuposa mnofu, chotero kathumbako ndiko kamaulula nsomba.

ZOYENERA KUYANG'ANA POGULA

Choyamba, dzifunseni kuti mumasodza pa madzi akuya bwanji. Ili ndilo funso lalikulu, ndipo wogulitsa sangakuyankhireni. Msodzi wa ku Nyanja ya Malombe, kumene madzi ndi a mamita ochepa, safuna makina ofanana ndi a msodzi wa ku Nkhata Bay, kumene pansi pamatsetsereka msanga. Ndiponso dziwani kuti m'nyanja yathu, kupitirira mamita pafupifupi 250, madzi alibe mpweya wa okisijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Choncho msodzi sapindula kanthu polipira makina oona mamita 600. Atsibweni amasodza pakati pa mamita 20 ndi 60, ndipo makina ang'ono amakwanira pamenepo.

Chachiwiri, yang'anani manambala olembedwa ndi kHz. Amenewa amanena kuti mafunde a mawuwo amanjenjemera kangati pa sekondi. Nambala yaing'ono, monga 50 kHz, imafika kutali pansi ndipo imaona malo otakata, koma chithunzi chake sichimveka bwino. Nambala yaikulu, monga 200 kHz, imaonetsa bwino tinthu tating'ono, koma siifika kutali. Makina ambiri ali ndi ziwiri zonse, ndipo ena, olembedwa kuti CHIRP, amatumiza mafunde osiyanasiyana motsatizana, motero amalekanitsa bwino nsomba zimene ziri pafupi ndi miyala.

Mawuwo amatuluka ngati kuwala kwa tochi: opapatiza pamwamba, otakata pansi. Ngati pa pepala palembedwa madigiri 20, makinawo amaona bwalo lotakata pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi. Pa mamita 30 amaona bwalo la mamita 10 okha. Tsono munthu asaganize kuti makina amaona nyanja yonse. Amaona pansi pa boti pokha.

Chachitatu, mphamvu. Imalembedwa ndi mawati, koma ogulitsa amailemba m'njira ziwiri. Nambala yolembedwa kuti RMS ndiyo yoyenera kuyerekeza. Ina yolembedwa kuti peak to peak imakhala yaikulu kasanu ndi katatu ngakhale makina ali omwewo. Pa timapepala titatu tija, kena kanali ndi 1,600 ndipo kena 500. Atsibweni anakonda ka 1,600, koma nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti 1,600 imeneyo inali 200 RMS chabe, pamene 500 ija inali RMS yeniyeni.

Chachinayi, galasi. Kukula kwake kumayezedwa m'mainchesi, monga 4, 5, 7 kapena 9. Lalikulu limawerengeka bwino, koma ndi lodula ndipo limadya batire. Pemphani kuti mulione pa dzuwa, pakuti galasi lowala m'sitolo likhoza kuda bii pa nyanja masana. Onaninso ngati kuwala kwake kumachepetsedwa usiku, chifukwa kuwala kwambiri kumathobwa m'maso mwa woyendetsa. Makina a mabatani amaposa ongokhudza ndi chala, popeza manja a msodzi amakhala onyowa ndiponso a mamba.

Chachisanu, madzi. Funani chizindikiro chakuti IPX7. Tanthauzo lake ndi lakuti chipangizocho chikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene foni ya m'manja siikwanira. Inde, mafoni ambiri ali ndi GPS, ndipo ndi bwino kukhala nayo m'kathumba ka pulasitiki ngati chothandizira. Koma batire lake limatha msanga, ndipo yokha siyeza kuya kwa madzi.

Chachisanu ndi chimodzi, magetsi. Makina awa amafuna batire la mavoti 12, ndipo mainjini ang'ono ambiri oliza ndi chingwe satchaja batire. Apanso pali samu. Makina ang'ono amadya pafupifupi theka la ampu. Batire lolembedwa 7 Ah likhoza kuwayendetsa maola 14 pa pepala. Koma batire la mtovu limafa msanga likamatsitsidwa kupitirira theka, choncho maola enieni ndi 7, amene sakwanira usiku wathunthu. Batire la 20 Ah limapereka maola 20 mosavutika. Wogula awerengere pamodzi mtengo wa batire, wa sola yotchajira, wa fyuzi ndi wa bokosi losungiramo, kuti asagule ng'ombe alibe khola.

Chachisanu ndi chiwiri, mapu. Makina ambiri odula amabwera ndi mapu a nyanja za ku America kapena ku Ulaya, amene kuno alibe ntchito. Musanalipire mapu, uzani wogulitsa akuonetseni Nyanja ya Malawi pa galasipo, muone ngati manambala a kuya alipo. Msodzi wa pa gombe lake safuna mapu kwenikweni. Amafuna zinthu zitatu: kusunga malo, kusunga njira imene wayenda, ndi muvi womulozera kobwerera. Makina ena atsopano amajambula okha mapu a pansi pamene boti likuyenda, ndipo amenewo ndi othandiza kuno.

Chotsiriza, kodi ndi bwino kugula bokosi limodzi lokhala ndi zonse ziwiri, kapena zipangizo ziwiri zosiyana? Bokosi limodzi limatsika mtengo, ndipo mukaona chirundu pa galasi mumangodina batani, malowo nasungidwa. Kuipa kwake ndi kwakuti likafa, zonse zafa. Mafakitale odziwika ndi monga Garmin, Lowrance, Humminbird ndi Furuno. Koma dzina lokha lisakukopeni. Funsani ngati transducer ina ingapezeke yoyambayo itasweka, pakuti ndiyo imayamba kuonongeka. Pogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, musalipire musanawayese pa madzi, ndipo kuya kumene akunena mukuyerekeze ndi chingwe cha mwala.

KUMANGIRIRA M'BOTI

Makina abwino omangidwa molakwika amanama. Transducer iyenera kukhala m'madzi nthawi zonse, nkhope yake italoza pansi molunjika, kumbuyo kwa boti, potalikirana pang'ono ndi injini. Thovu ndi mdani wake, chifukwa mpweya umatsekereza mawu. M'mabuku ena amati mukhoza kuimata m'kati mwa boti. Zimenezo zimatheka m'boti la faiba, koma thabwa limameza mawu, choncho m'maboti athu a matabwa iyenera kukhala kunja. Ife tinaimanga ku kathabwa kamene timakweza pofika pa gombe, kuti isakhulike pa mchenga pokoka boti. Chingwe chake sichidulidwa kapena kulumikizidwa, chikatalika mumangochikulunga.

Mukayatsa koyamba, sankhani muyeso umene mumaudziwa: mamita, mafiti kapena mikwamba. Mkwamba wa m'makina ndi mafiti 6, kapena mamita 1.83, ndipo sufanana kwenikweni ndi mkwamba wa manja a munthu wamfupi.

CHENJEZO PA MANAMBALA A MALO

Malo amalembedwa ndi madigiri. Senga Bay iri pakati pa madigiri 13 ndi 14 kumwera, ndiponso pakati pa 34 ndi 35 kum'mawa. Digiri imodzi iri ndi timagawo 60, totchedwa maminiti, ndipo miniti imodzi yopita kumpoto kapena kumwera ndi mamita 1,852. Makina ena amalemba madigiri ndi maminiti, ena amalemba madigiri ndi kadontho. Tsono 13.50 si chimodzimodzi ndi madigiri 13 maminiti 50, 13.50 ndi madigiri 13 maminiti 30. Kusiyana kwake ndi maminiti 20, amene ali makilomita 37. Mnzanu akakupatsani manambala, mufunseni kalembedwe kake. Ndiponso malo onse ofunika muwalembe m'kope limene limatsala ku nyumba, pakuti makina akhoza kugwera m'madzi.

KUWERENGA GALASI

Chithunzi chimayenda kuchokera ku dzanja lamanja kupita kumanzere. Chimene chiri kumanja kwenikweni ndicho chiri pansi panu tsopano. Zotsalazo mwazipitirira kale. Pansi pa miyala pamaoneka ngati mzere wochindikala ndi wowala, pamene matope amaoneka ofooka. Nsomba yaikulu imodzi imaoneka ngati uta, ndipo gulu la usipa kapena utaka limaoneka ngati kamtambo.

Koma m'nyanja yathu muli chinthu china chimene chimapusitsa alendo. Tonse tinaonapo nkhungu zikutuluka m'nyanja ngati utsi. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya masana, nizikwera usiku, ndipo nazonso ziri ndi timatumba ta mpweya. Pa galasi zimaoneka ngati chimzere chachitali cha chifunga. Munthu wosadziwa akhoza kuponya chilimira, nakoka madzi okhaokha. Makina ambiri amajambulanso tizithunzi ta nsomba pa chirichonse chimene amva, ngakhale udzu woyandama. Ndi bwino kuzimitsa tizithunzito ndi kuphunzira kuwerenga zizindikiro zenizeni.

ZIMENE MAKINA SANGATHE

GPS siletsa mwera. Mphepo imeneyi, imene imaomba kwambiri m'miyezi yozizira, imadzutsa mafunde oopsa ngakhale kwa sitima zazikulu. Sitima ya Vipya inamira pa namondwe mu Julaye 1946, ndipo anthu 145 anatayika. Muvi wa GPS umaloza molunjika, osasamala kuti pakati pali mwala kapena chisumbu. Madzi a nyanja nawonso amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, kotero kuti mwala umene munaudutsa pamwamba mu Epulo ukhoza kuswa boti mu Novembala. Maso, kampasi, ndi majekete oyandamitsa zikhalebe m'boti.

Palinso nkhani ina imene inandivutitsa mtima. Makina amene amathandiza munthu kupeza nsomba msanga amathandizanso kuzimaliza msanga, ndipo tonse tikudziwa kuti chambo chinachepa. Koma GPS yomweyo ikhoza kuthandiza munthu kusunga lamulo. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, imateteza madzi ofika mamita 100 kuchokera ku gombe la malo ake, ndipo zisumbu za Maleri ziri m'gulu limeneli. Msodzi wokhala ndi GPS sanganene kuti sanadziwe mtunda. Ku chisumbu cha Mbenji mafumu amatseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewo unayamba kalekale makina asanabwere. Nyengo imene boma latseka usodzi, makina nawonso apumule.

ZIMENE TINASANKHA

Pomaliza ndinalangiza atsibweni kuti asiye makina aakulu a mapu a ku America, ndipo agule ang'ono okhala ndi GPS ndi choyezera kuya m'bokosi limodzi, a mabatani, olembedwa IPX7. Ndalama zotsala anagulira batire la 20 Ah, sola yaing'ono ndi fyuzi.

Tsiku loyesa ndinapita nawo. Iwo sanayang'ane galasi konse; anayang'ana mtengo wawo ndi phiri lawo, nazimitsa injini, nati, "Chirundu chiri pano, mikwamba 12." Ndinayang'ana pa galasi, ndipo panalembedwa mamita 22. Amene akufuna achulukitse 12 ndi 1.83 aone. Atsibweni anaseka nati, "Makina ako akudziwa ndithu." Ine ndinadina batani, ndipo malowo anasungidwa. Madzulo ake tinatchera matchera, tinasunganso malo ake, ndipo m'mawa kusanache muvi unatifikitsa pa chigubu chathu. Teremu ino ndafika pa tsiku lotsegulira.

MAFUNSO OYESERA

1. Kaphokoso kabwerera patapita masekondi 0.08. Kodi madziwo ndi akuya mamita angati?

2. Makina a madigiri 20 ali pa madzi akuya mamita 45. Kodi akuona bwalo lotakata bwanji?

3. Makina amadya ampu imodzi. Kodi pafunika batire la Ah zingati kuti agwire ntchito maola 12, batirelo osatsika kupitirira theka?

Amene apeza mayankho awapereke kwa akonzi a magazini ino, ndipo tidzawasindikiza m'kope lotsatira.

Wophunzira wa Fomu 3